Masamba atatu onena za njala ya nyanja ya Tanganyika

Mu Ogasiti 2003, magazini ya sayansi yotchedwa Nature inasindikiza nkhani ya masamba atatu okha, yolembedwa ndi anthu asanu: Catherine O'Reilly, Simone Alin, Pierre-Denis Plisnier, Andrew Cohen ndi Brent McKee. Mutu wake sunapite m'mbali ayi. Unanena poyera kuti kusintha kwa nyengo kukuchepetsa zamoyo zimene nyanja ya Tanganyika imabala. Kuyambira pamenepo manambala awiri a m'nkhaniyi, 20 peresenti ndi 30 peresenti, akhala akuyendayenda m'malipoti ndi m'misonkhano, ndipo ndimakayika ngati onse owatchula anayamba atsegulapo masamba atatuwo. Ndi nkhani yofunika kuiwerenga mofatsa, chifukwa mawu ake salemera mofanana. Muli zimene olembawo anayeza, muli zimene anachita kuzimva kwa matope, mulinso zimene anabwereka ku nyanja zina. Mutu uja unangoziphatikiza zonsezi n'kuzinena ndi mawu amodzi okweza.

Asanapereke nambala iliyonse ya kutentha kwa madzi, olembawo apereka kaye nambala ya ndiwo. Akuti nsomba za pakati pa nyanjayi zimapereka 25 mpaka 40 peresenti ya chakudya chomanga thupi chochokera ku nyama ndi nsomba chimene anthu a m'mayiko ozungulira amadya. Mayikowo ndi anayi: Tanzania, Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Zambia. Nsomba zimene akunenazo si za mitundu yambiri. Pali mitundu iwiri ya kapenta, amene ku Kigoma amati dagaa pomwe ku Bujumbura amati ndagala, ndiye palinso buka-buka, amene amasaka kapentayo. Asodzi amazipha usiku pozikopa ndi nyali, monga achitira anzawo a usipa ku Nkhata Bay kapena ku Msaka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri ankawerengera kuti nyanja yonse imatulutsa matani 165,000 mpaka 200,000 pa chaka. Kapenta wa ku Kariba naye kwawo n'komweku. Anachita kukamutenga ku Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Kuyamba ndi ndiwo n'kuchenjera, pakuti wowerenga amadziwiratu kuti madigiri akubwerawo akukhudza m'mimba mwa munthu. Koma nambalayi si ya kafukufukuyu. Anangoitenga m'zolemba za ena, ndipo njofunika kuigwira mosamala. Mu 2003 mayiko anayiwa anali ndi anthu oposa 100 miliyoni. Gawani matani 200,000 kwa anthu onsewo, muona kuti aliyense sapeza ngakhale makilogalamu awiri pa chaka. Kwa mayi wa ku Mpulungu kapena ku Kalemie, amene akangotuluka pakhomo maso ali pa nyanja, 40 peresenti ingathe kucheperanso. Koma wa ku Kinshasa kapena ku Dar es Salaam? Ayi ndithu. Nambalayi ikuyenera anthu a m'mbali mwa nyanja ndi a m'misewu imene kapenta wouma amadzera, osati mayiko athunthu.

Tsopano tilowe m'madzi. Kuti munthu amve bwino chimene olembawo akunena, aiwale kaye dandaulo limene akatswiri a za nyanja anazolowera. Kwa zaka zambiri vuto lodziwika linali la michere yochuluka. Ku Ontario, m'dziko la Canada, David Schindler ndi anzake anagawa pakati kanyanja kotchedwa Lake 226 ndi chinsalu cha pulasitiki mu 1973. Anathira kaboni ndi nayitirojeni mbali zonse ziwiri, koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali ya fosiforasiyo inabiriwira ndi ndere, inayo n'kutsala yoyera. Nyanja ya Victoria, imene pakuya pake penipeni ndi mamita pafupifupi 80 basi, inadwala nthenda yomweyo chifukwa cha nthaka yokokoloka, phulusa la moto wa m'tchire ndi zonyansa za m'matauni. Nkhani ya O'Reilly ndi anzake ikunena zosiyana kotheratu: nyanja ingathe kugona ndi njala, michere ili mbwee m'mimba mwake.

Zimatheka motere. Tanganyika ndi yakuya mamita 1,470, ndipo pa dziko lonse imangoposedwa ndi Baikal ya ku Russia. Tizomera tosaoneka ndi maso timene timayandama m'madzi, pomwe pamayambira chakudya chonse cha m'nyanja, timafuna zinthu ziwiri: kuwala ndi michere, makamaka fosiforasi ndi nayitirojeni, zomwe zija timagula m'thumba la feteleza. Kuwala kuli pamwamba. Michere yambiri ili pansi, chifukwa chamoyo chilichonse chikafa chimamira n'kukawolera kumdima, michere yake n'kutsalira komweko. Madzi ofunda ndi opepuka, ndiye amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amakhala pansi, ndipo awiriwa sasakanikirana wamba. Ku Tanganyika madzi a pansi penipeni safika pamwamba, alibe ndi okosijeni yemwe, moti nsomba zimangokhala m'mamita 100 kapena 200 oyambirira. Mitsinje monga Ruzizi ndi Malagarasi imabweretsa michere, inde, koma yochepa tikaona kukula kwa nyanjayo. Wodyetsa nyanja weniweni ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imakankhira madzi ofunda kumpoto, ndiye cha ku Mpulungu madzi ozizira odzaza michere amakwera kudzatseka malo otsalawo. Mphepo ikaleka madzi aja amabwerera, nyanja n'kumapendamira uku ndi uku m'kati mwake kwa miyezi, ndipo kupendama kulikonse kumakwezako michere pang'ono. Zili ngati thobwa la m'ndowa: mukalisiya osavundula, wotunga pamwamba amwa madzi okhaokha, zokoma zonse zitakhazikika pansi.

Umboni woyamba ndi wa kutentha, ndipo apa nkhaniyi yaponda pouma. Olembawo anasonkhanitsa zimene anthu osiyanasiyana anayeza kuyambira 1913, nthawi imene Congo inali m'manja mwa Belgium ndipo gombe la kum'mawa linali la Germany. M'zaka zomwezo ndi mmene Louis Stappers wa ku Belgium ankafufuza nyanjayi, ndipo dzina lake linatsalira pa buka-buka, amene asayansi amamutcha Lates stappersii. Atasanja zoyezazo anapeza kuti madzi a chapamwamba akhala akufunda ndi digiri 0.1 pa zaka khumi zilizonse, ndipo a pansi anachoka pa madigiri 23.10 mu 1938 kufika pa 23.41 mu 2003. Wina angaseke, pakuti kusiyana kotere dzanja silingakumve n'komwe. Koma m'madzi ofunda kale, digiri imodzi imasintha kwambiri kulemera kwa madziwo. Kuchoka pa madigiri 24 kufika pa 25, kusinthako kumaposa pafupifupi ka 30 kusintha kochoka pa 4 kufika pa 5. Ndiye kafundidwe kamene nyanja ya kozizira singakamve kwenikweni, ya kotentha imakamva msanga. Popeza pamwamba pafunda mofulumira kuposa pansi, kusiyana kwa kulemera kwakula, ndipo olembawo anawerengera kuti mphamvu yofunika kuti madziwo asakanikirane inakwera ndi 97 peresenti pakati pa 1913 ndi 2003. Inangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kwa ine nambala yoyenera kutchuka inali imeneyi, koma simuimva kawirikawiri, mwina chifukwa choti mulibe nsomba m'kati mwake.

N'zoona kuti zoyeza zakalezo ndi zochepa, ndipo zida za mu 1913 si za mu 2003. Komabe mu Julayi chaka chomwecho Piet Verburg, Robert Hecky ndi Hedy Kling anali atasindikiza kale kafukufuku wawo m'magazini ya Science, nafika pa mfundo yomweyi ya nyanja yofunda ndi yovuta kusakanikirana.

Umboni wachiwiri, wa mphepo, aupereka mwachidule, ndipo ndikanakonda akanachedwapo. Akuti liwiro la mphepo m'chigawochi latsika ndi 30 peresenti kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ngati zili choncho, nyanja yapanikizika pawiri: madzi akukana kusakanikirana, yowasakanizayo nayo yafooka. Koma mphepoyi inayezedwa pamtunda, pa malo ochepa oyezera nyengo, pomwe nyanjayo ndi yaitali makilomita oposa 650. Chida choyezera mphepo chimakalamba, mitengo imakula pambali pake, anthu amamanga nyumba. Sindikunena kuti mphepo sinafooke. Ndikungoti umboniwu sukulemera ngati woyamba uja, ngakhale m'nkhaniyi aikidwa moyandikana ngati ofanana.

Pa umboni wachitatu m'pamene pali luso, m'pamenenso pali mkangano. Palibe amene ankayeza kakulidwe ka tizomera tija chaka ndi chaka m'zaka zonse za m'ma 1900. Ndiye olembawo anakafunsa matope. Pansi pa nyanja matope amaunjikana pang'onopang'ono, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha, ndipo ukazika chitoliro n'kuchizula umatulutsa mbiri yosanjikizana imene ungaiwerenge kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. M'matopemo muli zotsalira za tizomera takufa, ndipo m'zotsaliramo muli kaboni wa mitundu iwiri: wopepuka, wotchedwa kaboni 12, ndi wolemerako, wotchedwa kaboni 13. Tizomera timakonda wopepukayo. Chaka cha chonde, tikachuluka n'kumakula mofulumira, wopepuka amayamba kuperewera m'madzi, ndiye timangotenga ndi wolemera yemwe. Chaka cha njala timasankha mmene tifunira. Choncho kaboni 13 akamachepa m'matope, chingakhale chizindikiro chakuti kakulidwe kanachepa. Olembawo anaona kaboni 13 akutsika m'matope a zaka za posachedwa, nawerengera kuti kakulidweko katsika ndi 20 peresenti.

Koma tamverani mmene kalankhulidwe kawo kasinthira akafika pamenepa. Za kutentha anazinena mosakayika. Za matope akuti matopewo akungoloza, kakulidwe mwina katsika, ndipo nambalayo ndi yongoyandikira. Adzitchinjiriza katatu m'chiganizo chimodzi, ndipo si mantha chabe ayi. Kaboni 13 ali ndi zifukwa zina zotsikira. Malasha ndi mafuta amene dziko lakhala likuwotcha ali ndi kaboni 13 wochepa, motero mpweya wa dziko lonse wakhala ukusukuluka m'zaka zomwezi, ndipo nyanja imamwa mpweya umenewo. Asayansi amatcha kusukulukaku ndi dzina la Hans Suess, amene m'ma 1950 anaona kuti utsi wa malasha ndi mafuta ukusintha kaboni wa mumlengalenga. Wowerenga matope ayenera kuchotsera kaye gawo limeneli, ndipo kachotseredwe kake kamasintha yankho. Masamba ndi nthaka zokokoloka kumtunda nazonso zimabwera ndi kaboni wawo, makamaka pafupi ndi mathiriro a mitsinje. Mu 2007 Verburg, amene ankavomereza ndithu kuti nyanjayi ikufunda ndi kutsika chonde, analemba nkhani yathunthu yonena za kachotseredwe kameneka pa matope a Tanganyika. Zikafika poti wa mbali yako yemwe akulemba nkhani yonse pa gawo limodzi la masamu ako, ndiye kuti gawolo si lapafupi.

Kenako pakubwera kulumpha. M'chiganizo chomwecho, 20 peresenti ya tizomera yabala 30 peresenti ya nsomba. Nambala yachiwiriyi sinachokere pa sikelo ya pa doko lililonse. Inachokera pa ubale umene akatswiri ena anaupeza poyerekeza madzi a m'malo osiyanasiyana, woti kumene tizomera timakula kwambiri nsomba zophedwa zimachulukanso, ndipo nsombazo zimakwera kapena kutsika mokulirapo kuposa tizomerato. Ubalewo ulipodi. Koma umanena za kusiyana kwa nyanja iyi ndi iyo, osati za mmene nyanja imodzi ingasinthire pakapita zaka. Kuwonjezera apo, Tanganyika ndi nyanja imene inadabwitsa kale akatswiri potulutsa nsomba zambiri poyerekeza ndi tizomera take, ndipo Hecky ndi anzake analemba za chodabwitsachi mu 1981. Chakudya chake chimayenda njira yachidule: tizomera, tizilombo ting'onoting'ono todya tizomerato, kapenta, buka-buka, basi. Nyanja yotere sungaiyeze ndi muyezo wa nyanja wamba osayamba waganiza kawiri. Motero 30 peresenti yatsamira 20 peresenti, imene nayonso yatsamira chikayiko cha eni ake. Ndiyo nambala yofooka kuposa zonse m'nkhaniyi, ndiponso ndiyo imene yayenda mtunda wautali kuposa zonse.

Chimene chimandivuta koposa ndi chiganizo chotsekera chidule cha nkhaniyi. Chikuti mavuto obwera ndi kusintha kwa nyengo angathe kukula kuposa obwera ndi zochita za anthu a pamalopo, ngakhale kupha nsomba mopyola muyezo. Taonani kuti akuti angathe, sanati akula. Komabe usodzi sanauyeze mmene anayezera kutentha. Anaukambako, potsamira ziwerengero za ena, koma sanawerenge mabwato, maukonde, kapena kukula kwa maso a maukondewo. Munthu sanganene kuti ichi chaposa icho atayeza chimodzi chokha. Jouko Sarvala wa ku Finland ndi anzake, amene anagwira ntchito m'kafukufuku wa usodzi wa bungwe la FAO pa nyanjayi m'ma 1990, anayankha mu 2006 kuti kusintha kwa nsomba zophedwa ku Tanganyika kukuonetsa makamaka kusintha kwa kaphedwe, osati nyengo. Aliyense wodziwa za kunyanja angaimve mfundo yawo. Sitima za makoka ozinga zinayamba ku Burundi m'ma 1950, zambiri za Agiriki. Pambuyo pake anachuluka asodzi ang'onoang'ono a mabwato awiri omangiriridwa pamodzi, amene amakweza ukonde kunsi kwa nyali. Sitima ikamabwera ndi nsomba zochepa chaka ndi chaka, mwina nyanja yasauka, komanso mwina nsomba zomwezo akugawana anthu ambiri. Makampani amasunga mabuku. Msodzi wa pa kagombe ka kumudzi salemba kanthu. Wowerenga mabuku okha angaone kutsika pomwe nsomba zangosamukira m'mabwato ena.

Palinso ngozi ina. Chiganizo chotere chimakoma m'khutu la aliyense amene akuchita ulesi kapena mantha kukalanda neti ya udzudzu pagombe, poti mlandu wasamukira ku mafakitale a kutali. Koma masamu a nkhaniyi akuloza kwina. Ngati nyanja ikubala zochepa, nsomba zimene mungachotse osaiwononga zachepanso, ndipo malire alionse oikidwa potengera chonde chakale akwera kuposa mmene nyanja ingathere lero. Olembawo akanailemba mfundo imeneyi m'chidule chomwecho, nkhani yawo ikanavuta kuipotoza.

Zaka zotsatira zinaikomera nkhaniyi pa mfundo yake yaikulu. Mu 2010 Jessica Tierney ndi anzake anawerenga matope a zaka 1,500 pogwiritsa ntchito zizindikiro zina: mafuta a m'matupi a tizilombo tosaoneka ndi maso, amene kapangidwe kake kamasintha malinga ndi kutentha kwa madzi, komanso tizigoba ta silika ta mtundu wina wa ndere. Anapeza kuti nyanjayi sinafundepo chonchi kuyambira cha m'ma 500, ndiponso kuti m'zaka zonsezo ikafunda, chonde chinkatsika. Mu 2016 Cohen yemwe uja anabweranso ndi gulu lina, atawerenga mamba ndi minga za nsomba zotsalira m'matope. Anasonyeza kuti nsomba zinayamba kuchepa usodzi wa makampani usanafike, komanso kuti m'malo amene anafufuza, pansi pokhala ndi okosijeni wokwanira nkhono ndi nsomba za pansi panachepa ndi 38 peresenti kuyambira 1946. Umenewu ndiye umboni umene chiganizo chotsekera chija chinkausowa, ndipo unafika patapita zaka 13. Ngakhale iwo sanakane kuti kupha nsomba mopyola muyezo kulipo.

Wowerenga wa ku Malawi sangalephere kuganiza za nyanja yakwawo, ndipo sakulakwa, chifukwa nyanja ziwirizi zimagwira ntchito mofanana. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Nayonso ilibe okosijeni ukapitirira mamita 200 ndi kanthu, nayonso imadalira mwera, umene m'miyezi yozizira umakweza madzi a michere cha kum'mwera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo chosaya cha ku Mangochi chakhalira kuchimake kwa chambo. Mphepo imene imatsekereza msodzi pagombe masiku angapo ndi yomweyo imene ikukweza chakudya cha nsomba zake. Mu 2005 Martin Vollmer ndi anzake anasonyeza kuti madzi a pansi a nyanja ya Malawi afunda ndi digiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60.

Koma kutenga 30 peresenti ya Tanganyika n'kuimata pa usipa kungakhale kulakwa. Chimene chinakwera ndi 97 peresenti ku Tanganyika si kutentha kwenikweniko, koma kuvuta kwa kusakanikirana, kumene kumadalira kusiyana kwa pamwamba ndi pansi, ndipo nambala ya pansi yokha siingakuuze zimenezo. Ndiponso nyanja ya Malawi ikulandira michere yambiri kuchokera kumtunda. Mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Songwe imadutsa m'minda ndi m'mapiri ometedwa, ndipo nthawi ya dzinja imalowa m'nyanja ili psuu ndi nthaka. Wina angati bwino, zimene kufunda kukutseka pansi mitsinje ikubweza pamwamba. Sizili choncho. Michere ya mumtsinje imabwera nthawi ina, pamalo ena, pamodzi ndi matope otchinga kuwala ndi okwirira miyala imene mbuna zimadyapo, ndipo ingathe kukomera mitundu ya ndere imene tizilombo todyetsa usipa sitiikonda. Palinso nkhungu. Mphutsi zake zimadya tizilombo tomwe usipa umadya, ndipo zikakhwima zimatuluka m'madzi n'kuuluka, gawo lina la chakudyacho n'kukagwera kumtunda. Pakati pa nyanja ya Tanganyika nkhungu kulibe, choncho michere yofanana singabale nsomba zofanana m'nyanja ziwirizi.